Amisiri a sola pa Kaporo ndi bokosi lomwe saloledwa kulitsekula

Mu Okutobala, denga la malata pa Kaporo siligwirika ndi dzanja ikangokwana 10 koloko m'mawa. Pamadenga ambiri otere pagona galasi lakuda la sola, ndipo ukalisisita ndi chala pamatsala mzere ngati pa bolodi ya kusukulu: fumbi la magalimoto opita ku Songwe, phulusa la mapesi a mpunga otenthedwa m'minda, mungu wa mankhusu wouluka kuchokera ku chigayo, ndi zitosi za mbalame. M'nyumbamo, pakhoma, pali kabokosi ka pulasitiki komwe kamayatsa mababu, kutchaja mafoni, mwinanso kulizitsa wailesi kapena TV. Kabokosi aka si batire wamba. Kamawerenga masiku omwe mwini wake walipira, kamalandira nambala yomwe imabwera pa foni munthu akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo masiku akatha kamadzitseka kokha ngakhale dzuwa likuswa mtengo. M'mayiko olemera amakamba za nyumba zanzeru zomwe mababu ake amamvera mawu a munthu. Kwa mlimi wa mpunga wa kwa Kilupula, chipangizo chanzeru cha m'nyumba mwake n'chimenechi, ndipo chimene chimachisunga ndi moyo ndi mmisiri yemwe angafike pakhomo ndi njinga tsiku lomwelo. Dziko lathu laika ndalama zambiri pogulitsa zipangizozi, koma za anthu ozikonza laganizapo pang'ono, ndipo m'dera lotentha ngati Karonga kuiwala kumeneku kumadya ndalama za osauka.

Ogwira ntchitoyi sali a mtundu umodzi. Pali ajenti wa kampani, kawirikawiri mnyamata kapena mtsikana wa m'dera lomwelo, yemwe amalembetsa makasitomala, kukhoma panelo padenga, n'kumakumbutsa anthu za malipiro. Iye amadya komishoni, choncho maso ake ali pa kugulitsa ndi kutolera. Chipangizo chikafa, chomwe angachite n'kuimbira foni ku ofesi ndi kudikira china cholowa m'malo. Pali wokonza mafoni ndi mawailesi wa pa sitolo, yemwe anthu a kumalire kuno amamutcha fundi potengera Chiswahili. Pa tebulo lake pamakhala mita yoyezera magetsi, chitsulo chowotcherera, mswachi wakale, botolo la sipiliti ndi katoni yodzaza zipangizo zakufa zomwe amazomola tizida. Ndiye pali mmisiri woika zida zikuluzikulu, wa mapanelo angapo, leguleta, inveta ndi mabatire, yemwe amaitanidwa ndi eni malo ometera, oonetsa mpira, ogulitsa zakumwa zozizira ndi masukulu. Ena mwa amenewa adaphunzira zamagetsi ku Miracle Technical Institute pa Karonga kapena ku koleji ya Ngara, yomwe idatsegulidwa mu 2015 pamene boma linkayamba makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Ambiri adaphunzirira pa msana pa mnzawo, n'kuwonjezera ndi mavidiyo a pa YouTube. Zida zawo zimachokera ku Karonga, ku Mzuzu, kapena kutsidya kwa Songwe, ku Kyela ndi ku Mbeya, komwe katundu wa ku Dar es Salaam amafika msanga. Izi zikutanthauza kuti mtengo wa batire pa Kaporo umamvera shilingi ndi dola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mmisiri ndi amene adayenera kufotokozera kasitomala chifukwa chake mtengo wa dzulo sulinso wa lero.

Anthu ambiri amaganiza kuti dzuwa likamaotcha kwambiri ndiye kuti sola ikukondwa. Sizili choncho. Panelo imadya kuwala, koma kutentha imadana nako. Mphamvu yolembedwa kumbuyo kwake imayezedwa galasilo lili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Ku Karonga, komwe masiku ena a Okutobala ndi Novembala mpweya weniweniwo umapitirira madigiri 35, panelo yogonekedwa pa lata popanda mpata wa mphepo pansi pake imatha kufika madigiri 65. Pamenepo ya mawati 100 ikupereka mawati pafupifupi 84, fumbi lisanawerengedwe. Mmisiri wodziwa ntchito amaikweza pa timatabwa kapena tizitsulo kuti mphepo ya kunyanja idutse pansi, amaipendeketsa moyang'ana kumpoto kuti mvula izitsuka yokha, ndipo amayang'ana komwe mthunzi wa mango kapena nthochi udzagwere masana, chifukwa mthunzi wophimba kachigawo kamodzi umafooketsa mzere wonse. Batire ndiye imavutika koposa. Ya asidi, yomwe ili m'nyumba zambiri chifukwa n'njotsika mtengo, moyo wake umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25. Madzi ake amauma msanga, ndipo mwini wake akathiramo madzi a pa mjigo m'malo mwa madzi a batire, mchere wa m'madzimo umamaliza ntchito. Batire yomwe ikadakhala zaka zinayi pa Mzuzu pozizira imatha kufa isanakwanitse ziwiri m'chipinda cha malata chopanda siling'i pa Kaporo, ndipo mwini wake amangoti adamugulitsa yabodza.

Komatu Kaporo si chipululu, ndipo apa ndi pomwe malangizo olembedwa kunja amaperewera. Fumbi la chilimwe limalowa m'mabowo a inveta, m'kamwa motchajira mafoni ndi pa kafani koziziritsa, n'kukhala ngati bulangete pa tizida tomwe tikufunika kupuma. Kenaka mvula imabwera, ndipo kumpoto kwa Karonga imagwa mpaka Epulo, mitsinje ya Lufilya ndi Songwe n'kumasefukira m'minda ndi m'midzi. Fumbi lija likamwa chinyezi cha kunyanja limasanduka matope opyapyala omwe amadutsitsa magetsi pomwe sayenera kudutsa, ndipo nsonga za mawaya zimachita dzimbiri lobiriwira. Onjezani nkhungu, tizilombo ta m'nyanja tomwe timabwera ngati utsi n'kuunjikana pa babu lililonse lowala, mphemvu ndi nyerere zomwe zimakonda kufunda kwa m'bokosi, mavu omanga dothi m'mabowo, makoswe otafuna waya m'denga, ndi mphenzi za kumayambiriro kwa dzinja. Kabuku kobwera m'katoni sikatchula nkhungu. Amazidziwa ndi munthu yemwe watsekulapo mabokosi makumi angapo m'dera lomwelo.

Muoneni akamagwira ntchito. Kasitomala amafika atanyamula batire pa kaliyala n'kunena kuti, "Afundi, sola yangayi yafa." Mmisiri wabwino sathamangira kugulitsa batire ina. Amafunsa kuti mababu akuzima nthawi yanji, TV idagulidwa liti, panelo idatsukidwa liti. Amakhudzitsa mita pa batire: ya mavoti 12 yodzaza bwino ikapuma imaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo ikaonetsa pansi pa 12 ndiye kuti yakamidwa kwambiri. Nthawi zambiri mlandu umapezeka kwina: galasi lakuda ndi fumbi, waya wowonda kwambiri pa mtunda wautali, nsonga yomasuka, leguleta yomwe wina adaichotsa n'kulumikiza panelo ku batire mwachindunji, kapena banja lomwe lawonjezera TV ndi sabufa pa zida zomwe zidagulidwira mababu atatu. Mankhwala ake amakhala nsalu yofewa ndi madzi m'mamawa galasi lisanatenthe, chifukwa madzi ozizira pa galasi lamoto amatha kuling'alula, ndipo sopo wa ufa ndi tsache zimalikanda. Vuto la ntchitoyi lili pomwepa. Munthu amalipira mosavuta akaona chida chatsopano chikumangidwa, koma kulipira uphungu woti akatsuke galasi amaona ngati kuberedwa. Mmisiri woona mtima amapita kwawo ndi zikomo, pamene wachinyengo wagulitsa batire yosafunika.

Pa zida zogula pang'onopang'ono zija, mmisiri wa pa sitolo manja ake ndi omangidwa. Bokosi limabwera lomatidwa, ndipo wolitsekula amaphetsa walanti. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE, omwe amagulitsa zida zotere m'Malawi muno, ali ndi yankho lomveka, ndipo n'kulakwa kulinyoza. Iwo amapereka katundu wodula kwa munthu wopanda chikole, ndipo loko wa m'bokosimo ndiye chikole chawo. Aliyense akamatsekula, ena adzadumphitsa loko, ngongole sizidzabwezedwa, ndipo mawa palibe adzakongoze mlimi. Zida zawonso zambiri zimayesedwa pa muyezo wa VeraSol ndipo zili ndi mabatire a lithium omwe amapirira kutentha kuposa a asidi. Zonsezi n'zoona, koma zikungoteteza nthawi ya ngongole. Munthu akamaliza kulipira, chipangizo chimakhala chake, walanti imatha patapita zaka zochepa, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene batire ya m'katimo imayamba kutopa. Loko ndi kachigawo kamodzi. Batire, switchi, babu, waya ndi potchajira ndi zigawo zina zomwe zingasinthidwe osakhudza loko. Bungwe la SolarAid, lomwe limagulitsa nyali kudzera ku SunnyMoney, lidayesa ntchito yokonza nyali ku Zambia pophunzitsa amisiri a m'madera ndi kuwapezera zida, ndipo lidaona kuti nyali zambiri zomwe anthu adazitaya mtima zimadzukanso, kawirikawiri pongosintha batire. Ngakhale ku Ulaya, komwe munthu angathe kugula china mawa lomwe, European Union idakhazikitsa mu 2024 lamulo lokakamiza opanga zipangizo zina za m'nyumba kuti azizikonza ndi kugulitsa zida zake pa mtengo woyenera. Mlimi yemwe ndalama amaiona kamodzi pachaka akagulitsa mpunga wa kilombero akufunika ufulu umenewu kuposa munthu wa ku Brussels.

Ena amati amisiri a m'midzi ndi omwe amaononga zinthu. Pali choonadi pamenepa. Alipo omangirira mawaya ndi pepala la shuga, oika waya pomwe payenera fyuzi, ogulitsa panelo yolembedwa mawati 150 pomwe mphamvu yake sifika ngakhale 100. Koma mankhwala a mmisiri wosadziwa ndi maphunziro, chifukwa ukamuthamangitsa palibe wina amabwera kudzakhala pa Kaporo m'malo mwake. MERA ili ndi udindo wopereka ziphaso kwa oika zida zamagetsi, TEVETA ili ndi njira yoyesera luso lomwe munthu adalipeza kunja kwa kalasi, ndipo yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa za mphamvu ya dzuwa kwa zaka zambiri. Chomwe chikusowa ndi mlatho waufupi: maphunziro a masabata ochepa ochitikira pa Karonga pomwepo, m'miyezi yomwe anthu sali m'matope a mpunga, ndi chiphaso chomwe kampani ingachikhulupirire mpaka kugulitsa batire yake yeniyeni kwa mwini chiphasocho. Mu 2019 World Bank idavomereza madola 150 miliyoni a ntchito yofikitsa magetsi kwa Amalawi, ndipo mbali ina idapita ku thumba la Ngwee Ngwee Ngwee lothandiza makampani a sola. Kupambana kwa ntchito zotere kumawerengedwa ndi nyumba zomwe zalandira zida. Chiwerengero chomwe chikadatiuza zambiri ndi cha nyumba zomwe zikuwalabe pakatha zaka zinayi.

Palinso oti zonsezi n'zongodikirira, ESCOM ikubwera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zimaunikira magetsi a ESCOM, ndipo mawaya amatsata msewu ndi malo a malonda, pamene midzi ya mpunga yamwazikana m'zigwa. Ngakhale komwe afika, anthu sachotsa panelo padenga. Karonga ili kumapeto kwa mzere wautali wochokera ku mtsinje wa Shire, siteshoni ya Wovwe ndi yaing'ono, ya mamegawati osafika asanu, ndipo aliyense akukumbukira mdima womwe udatsatira namondwe Ana atagumula damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi a ESCOM akafika, mmisiri ntchito imamuchulukira, chifukwa tsopano pali inveta yosintha yokha pakati pa magetsi awiri, mita ya mayunitsi, dikoda, fuliji ndi machaja opsa magetsi akabwera mwamphamvu.

Chotsala chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi mitembo ya zipangizozi. Batire ya asidi ikafa imakhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana, ndipo asidi wake ena amangomukhuthulira pansi kuseri kwa nyumba, m'dera lomwe madzi a pansi ali pafupi ndipo chigumula chimatsuka mabwalo n'kupita nazo m'minda ndi m'nyanja. Ya lithium ikaboboledwa kapena kuponyedwa pamoto wa zinyalala imatha kuphulika. Malo amodzi omwe zinthu zimenezi zimasonkhana zokha, popanda galimoto ya bungwe kapena msonkhano wa kwa mfumu, ndi pansi pa tebulo la fundi, pomwe anthu amazisiya akauzidwa kuti sizidzukanso. Ogula zitsulo zakale amatenga za asidi chifukwa mtovu uli ndi mtengo. Za lithium ndi mabokosi omatidwa aja zimangounjikana m'katoni, pafupi ndi chitsulo chowotcherera, m'kashopu ka malata komwe masana a Novembala munthu sakhalamo osatsekula chitseko.