MWANA WODWALA UBONGO NAYENSO ALI NDI UFULU



Mwezi watha gulu lathu la pulogalamu ya zaumoyo linapita kukajambula mawu m'mudzi wina kufupi ndi malire. Titamaliza kucheza ndi amayi pachitsime, tinamva kulira kuseri kwa nkhokwe. Tinapeza mnyamata wa zaka ngati 9 atamangidwa mwendo ndi chingwe kumtengo wa pichesi. Agogo ake anati: "Ana anga, sikuti ndimamuda ayi. Ndikapita kudimba amathawa, ndipo tsiku lina anagwera pamoto. Nanga nditani?" Mwanayo alibe sedula, sanapondepo pasukulu, ndipo kuchipatala anapita komaliza akadali kumsana.

Agogowa sitikuwaweruza, chifukwa palibe amene anawauzapo kuti thandizo lilipo. Tikamva mawu oti ulumali, ambirife timaganiza za munthu woyenda ndi ndodo, wosaona kapena wosamva. Timaiwala kuti ulumali wina umakhala m'bongo, ndipo suoneka ndi maso. Lamulo la dziko lathu limateteza ana oterewa chimodzimodzi ndi ana ena onse. Nkhani ya lero ikufotokoza zimenezi.

KODI TIKUNENA ANA OTANI?

Mavutowa alipo a mitundu ingapo.

Pali ana ochedwa kukula nzeru. Amachedwa kukhala pansi, kuyenda ndi kulankhula, ndipo kusukulu amagwira zinthu pang'onopang'ono.

Pali ana amene sayang'ana munthu kumaso, sacheuka akaitanidwa ngakhale makutu awo ali bwino, sasewera ndi anzawo, ndipo amabwereza chinthu chimodzi tsiku lonse. Achipatala amalitchula vutoli kuti otizimu.

Pali ana osakhazikika, amene sangathe kukhala malo amodzi kapena kumvetsera kwa nthawi, ngakhale atafunitsitsa. Kawirikawiri awa amakwapulidwa powaganizira kuti ndi amwano.

Pali ana odwala nkhawa ndi kukhumudwa, makamaka amene aferedwa, amenyedwa kapena agwiriridwa. Mwana amasiya kudya, sagona, amayambanso kukodza pamphasa, amadzipatula, ndipo wina amafika ponena kuti bola kufa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo.

Palinso khunyu, lomwe ena amati linjirinjiri kapena matenda akugwa. Khunyu si misala. Ndi matenda a ubongo, ndipo kuno kwathu amathandizidwa pakhomo lomwelo la matenda a maganizo.

KODI ZIMAYAMBA BWANJI?

M'midzi timamva kuti mwana walodzedwa, kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti chigayo chiyende bwino, kapena kuti mayi ake anayenda njira ali ndi pakati. Mawu oterewa apasula mabanja ambiri, ndipo amene amatsala ndi mtolo ndi mayi kapena agogo.

Achipatala amatchula zifukwa zodziwika. Zina ndi izi: kuvutika pobadwa mpaka mwana kuchedwa kulira, kubadwa masiku asanakwane, malungo aakulu ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, kusowa mchere wa ayodini m'thupi la mayi, kumwa kachasu kapena mowa wina uli ndi pakati, ndi kuvulala m'mutu. Ana ena amangobadwa choncho popanda wolakwa.

Kuno ku Angónia ndi Tsangano, kumene timaweta nkhumba zambiri, palinso njoka za m'mimba zochokera ku nyama ya nkhumba yamasese yosapsa bwino. Munthu amene ali ndi njokazi amatulutsa mazira ake m'chimbudzi. Mazirawo akalowa m'thupi la munthu kudzera m'madzi, m'zakudya kapena m'manja osasamba, amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Choncho chimbudzi, khola la nkhumba ndi kusamba m'manja zimatetezanso ubongo wa ana athu.

Dziwaninso kuti khunyu silipatsirana. Simungalitenge pogwira wodwala, pokhudza thovu la m'kamwa mwake, podyera naye mbale imodzi, kapena iye akatulutsa mpweya woipa.

KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a chaka cha 2004, pa ndime 37, amati nzika zaulumali zili ndi ufulu wonse umene nzika zina zili nawo. Ndime 125 imawonjezera kuti anthu aulumali ayenera kutetezedwa mwapadera ndi banja, anthu a m'dera ndiponso boma. Onani kuti banja latchulidwa poyambirira. Ndime 47 imati mwana aliyense ayenera kutetezedwa ndi kusamalidwa.

M'chaka cha 2008 kunatuluka lamulo nambala 7/2008 loteteza ufulu wa ana, lomwe limaletsa nkhanza, tsankho ndi kunyanyala mwana. M'chaka cha 2012 dziko lathu linavomereza pangano la bungwe la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali. Panganoli limanena poyera kuti ulumali ungakhale wa thupi, wa maso ndi makutu, wa nzeru kapena wa maganizo. Kenaka m'chaka cha 2024 kunatuluka lamulo nambala 10/2024, lomwe ndi lamulo lapadera loteteza anthu aulumali kuno ku Mozambique. Abale athu a ku Malawi nawonso ali ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la chaka chomwecho, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012.

Kalembera wa 2017 anapeza anthu aulumali opitirira 700,000 m'dziko muno. Koma mwana wobisidwa kuchipinda alembi akamadutsa sawerengedwa, ndipo boma silingakonzere thandizo munthu amene silikumudziwa.

Tsono malamulowa akutanthauza chiyani pakhomo panu? Tiyeni tione zinthu zisanu.

1. UFULU WOLEMBEDWA M'KAUNDULA

Mwana aliyense ayenera kulembedwa ku Registo Civil ndi kulandira sedula. Makolo ena amati, "Ameneyu sedula adzachita nayo chiyani?" Kumeneku ndi kulakwa. Popanda chikalata, zimavuta kumulembetsa sukulu, kumupemphera thandizo, ngakhale kumuteteza pa nkhani ya chuma cha masiye. Amayi ambiri a m'malire amachilira ku Dedza kapena ku Ntcheu chifukwa ndiko kufupi. Sungani bwino pepala limene mwalandira kuchipatalako, ndipo mupite nalo ku Registo mukangobwerera kumudzi. Ngati mwana wakula kale osalembedwa, musaope, pitani mukafunse. Kuchedwa sikumuchotsera ufulu.

2. UFULU WOLANDIRA CHITHANDIZO CHA MANKHWALA

Yambani ndi APE wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo akakutumizani kuchipatala cha boma, monga cha ku Ulongue, kumene kumakhala tekiniko wa matenda a maganizo. Tengani khadi la kusikelo, ndipo apite ndi munthu amene amakhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku, woti afotokoze bwino mmene zinayambira.

Khunyu lili ndi mankhwala, monga fenobabitoni ndi kabamazepini. A WHO amati mwa odwala khunyu 10 alionse, mpaka 7 angathe kusiya kugwa ngati akumwa mankhwala oyenera. Koma mankhwalawa amamwa tsiku lililonse, ndipo kusiya mwadzidzidzi ndi koopsa. Ngati mumalandira mankhwala mbali zonse ziwiri za malire, yendani ndi buku limodzi ndipo muzionetsa adokotala zimene mwana akumwa kale, kuopa kuphatikiza mankhwala.

Kuchedwa kukula nzeru ndi otizimu zilibe jakisoni wochiza. Komabe mwana akayamba kuthandizidwa msanga, amaphunzira kudya yekha, kuvala, kupita kuchimbudzi ndi kugwira tintchito ta pakhomo. Achipatala akhoza kukuonetsani mmene mungamuphunzitsire pang'onopang'ono.

Mwana akagwa khunyu, mumuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, muike chitenje kumutu kwake, ndipo kugwedezeka kukatha mumugoneke chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka. Akapitirira mphindi 5 akugwedezeka, thamangirani naye kuchipatala.

3. UFULU WA MAPHUNZIRO

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9, ndipo m'sukulu za boma za pulayimale salipiritsa. Lamuloli silinapatule mwana wakhunyu kapena wochedwa kumva. Ndondomeko ya boma, kuyambira mu 1998, ndi yakuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo pasukulu yapafupi. Mumzinda wa Tete mulinso likulu la maphunziro a ana aulumali lotchedwa CREI, limodzi mwa malikulu atatu otere m'dziko muno.

Tikudziwa kuti makalasi athu ndi odzaza ndipo aphunzitsi ambiri sanaphunzire mokwanira za ana oterewa. Koma chimenechi si chifukwa chobwezera mwana kunyumba. Kambiranani ndi mphunzitsi wake kuti mwanayo azikhala kutsogolo, azipatsidwa nthawi yokwanira, ndiponso kuti anzake auzidwe zoyenera kuchita akagwa. Akamukana, pitani kwa adirekitoli. Zikakanika, kadandauleni ku khonsolo ya sukulu, kenaka ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu.

4. UFULU WOTETEZEDWA KU NKHANZA

Kumanga mwana ndi chingwe, kumutsekera m'nyumba tsiku lonse, kumumana chakudya, kumumenya kuti "ziwanda zituluke", kapena kumutuma kukapemphetsa pamsika, zonsezi ndi nkhanza ngakhale wochitayo ali kholo. Maina onyoza monga chitsiru kapena chidzete nawonso amapweteka. Mwana ali ndi dzina lake, tizimuitana ndi dzinalo.

Atsikana ochedwa nzeru ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa anthu oipa amadziwa kuti mwanayo sangathe kufotokoza, ndipo akafotokoza samukhulupirira. Mwana akagwiriridwa, pitani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV, ndipo kanenani kupolisi, ku ofesi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mlandu wotere si wothera pabwalo ndi mbuzi kapena matumba a mbatata. Kumukwatitsa kwa womulakwirayo nakonso ndi mlandu, pakuti lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, ndi yaulere. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116 yomweyo, choncho ngati foni yanu ili ndi khadi la ku Malawi, akuyankhani ndi a kumeneko. Wosowa ndalama ya loya angapite ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu kwaulere.

5. UFULU WOPEMPHA THANDIZO LA BOMA

Bungwe la INAS lili ndi pulogalamu yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene ali ndi okalamba, aulumali kapena odwala matenda okhalitsa. Sitikulonjeza kuti aliyense wolembetsa alandira pompopompo, chifukwa ofuna thandizo ndi ambiri. Koma kupempha ndi ufulu wanu, ndipo kulembetsa salipira. Funsani kwa mfumu, kwa sekeretale wa dera lanu kapena ku ofesi ya Acção Social, mutatenga sedula ya mwana ndi pepala la kuchipatala.

NANGA IFE ENA TICHITEPO CHIYANI?

Agogo aja anamanga mdzukulu wawo chifukwa anali okha. Pakanakhala mnansi woti amuyang'anire m'mawa, kapena amayi a kumpingo osinthana masiku, chingwe chija sichikanafunika. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a komiti ya zaumoyo, dziwani makomo amene ali ndi ana otere ndipo muwaperekeze ku Registo, kuchipatala ndi kusukulu. Abambo, musathawe banja chifukwa mwana wabadwa ndi vuto. Lamulo limakulamulani kumusamalira ngakhale ukwati utatha. Asing'anga, mwana wakugwa akabwera kwa inu, mutumizeni kuchipatala.

Patatha masiku angapo tinabwerera kumudzi kuja limodzi ndi APE. Mnyamata uja anapita kuchipatala ndipo anayamba kumwa mankhwala a khunyu. Nkhani ya sedula ndi sukulu idakali m'njira, ndipo tidzakuuzani mmene ithere.

Ngati muli ndi funso, lembani kalata n'kuisiya kuno ku wailesi, kapena mupatsire mtolankhani wathu akafika m'dera lanu. Dzina la mwana sitidzalitchula pa wailesi. Mukawerenga pepalali, awerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga.