Muvi wa pa tayala: kasinthidwe koyenera ka matayala ozungulira mbali imodzi

Galimoto iliyonse, kaya ndi ambulansi ya chipatala cha mishoni, galimoto ya parishi kapena ya pabanja panu, imagwira msewu pa malo anayi okha. Malo aliwonse kukula kwake n'kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki, chiwongolero ndi mphamvu zonse za injini zimathera pa zikhatho zinayi zimenezi. Zikatha mphamvu, luso la dalaivala silithandizanso kwenikweni.

Ife azamba timaphunzitsa kuti mayi woyembekezera amatha kutaya moyo chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kupanga chiganizo chopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri ngati sathandizidwa. Tayala lophulika usiku pakati pa ulendo wopita kuchipatala chachikulu, kapena galimoto yoterereka n'kugwera m'ngalande nthawi ya mvula, ndi mbali ya kuchedwa kwachiwiri kuja. N'chifukwa chake nkhani ya matayala ikukhudza inu a komiti ya chipatala, oyang'anira zipatala zing'onozing'ono, madalaivala ndi aliyense amene galimoto yake imanyamula odwala m'mudzi.

Chifukwa chake matayala satha mofanana

Mukagula matayala anayi tsiku limodzi, musayembekezere kuti adzatha tsiku limodzi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Toyota Sienta ndi Honda Fit, zimakokedwa ndi matayala akutsogolo. Matayala omwewo ndiwo amakhota, ndiwo amasenza injini, komanso ndiwo amagwira ntchito yaikulu mukaponda mabuleki. Choncho amaperepeseka msanga kuposa akumbuyo. Pa mapikiapu ndi ma Land Cruiser ena amene pa tala amakankhidwa ndi matayala akumbuyo, akumbuyowo amadyeka pakati chifukwa cha kukankha ndi katundu, pamene akutsogolo amadyeka m'mapewa chifukwa cha kukhota.

Kuno kwathu palinso kusiyana pakati pa kumanzere ndi kumanja. Timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye matayala akumanzere ndiwo amaponda m'mphepete mwa tala mmene mwagumukagumuka, ndiwonso amatsikira pa miyala popatukirana ndi malole. Pa raundabauti timazungulira chakumanja, ndipo kulemera kwa galimoto kumatsamira pa tayala lakutsogolo lakumanzere.

Kusinthanitsa malo a matayala nthawi ndi nthawi kumagawa ntchito imeneyi kuti onse anayi azitha pamodzi. Mukapanda kutero, awiri amatha anzawo akadali ndi mano, ndipo galimoto imayenda miyezi ingapo ili ndi mbali ina yogwira msewu ndi ina yoterera.

Tayala lozungulira mbali imodzi mungalidziwe bwanji?

Gwadani pafupi ndi tayala muyang'ane m'mbali mwake. Mukaona muvi, kawirikawiri woyandikana ndi mawu akuti Rotation kapena Direction, dziwani kuti tayalalo linapangidwa kuti lizizungulira mbali imodzi yokha. Muviwo ukakhala pamwamba pa tayala, uyenera kuloza kutsogolo kwa galimoto. Yang'ananinso mano ake. Mizere ya tayala lotere imakumana pakati n'kupanga chilembo cha V, monga mano a tayala lalikulu la thirakitala.

Mizere imeneyi ili ngati ngalande za m'munda. Tayala likaponda madzi, nsonga ya V ndiyo imayamba kugunda pansi, ndipo madzi amakankhidwa kuchoka pakati kupita m'mbali. Mphira umapeza msewu n'kuugwira. Mukaliika chozondoka, ngalande zija zimasonkhanitsira madzi pakati pa tayala m'malo mowatulutsa. Liwiro likakwera, tayala limayamba kuyandama pamwamba pa madzi, chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo mabuleki sagwira monga mwa nthawi zonse. Nthawi ya chilimwe vutoli limabisala, mwina mumangomva kaphokoso kachilendo. Limadzaonekera pa mvula yoyamba ya mu Novembala, pamene fumbi ndi mafuta a pa tala zasakanikirana ndi madzi.

Musasokoneze matayala amenewa ndi ena olembedwa Outside mbali ina ndi Inside mbali inayo. Amenewo lamulo lawo ndi lakuti mbali ya Outside iyang'ane kunja poika tayala pa limu. Akaikidwa bwino, mukhoza kuwasamutsira kumanzere kapena kumanja popanda vuto. Matayala opanda muvi ndiponso opanda mawu amenewa amayenda malo aliwonse.

Galimoto zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan zimafika zitavala matayala a nyengo ya chipale chofewa. Ena amakhala ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu chokhala ndi kachizindikiro ka chipale pakati, ndipo ena amalembedwa Studless. Ambiri mwa matayala a nyengo yozizira amakhala ndi muvi. Mphira wawo ndi wofewa, moti pa tala wotentha wa ku Chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja amatha msanga. Ngati galimoto yanu inabwera nawo, konzekerani kugula oyenera nyengo yathu.

Lamulo lake ndi limodzi: kutsogolo ndi kumbuyo, mbali yomweyo

Amakaniki ambiri anazolowera kusinthanitsa matayala mopingasa: lakumbuyo kumanzere kupita kutsogolo kumanja, lakumbuyo kumanja kupita kutsogolo kumanzere. Njira imeneyi ndi yabwino pa matayala opanda muvi. Pa matayala a muvi ndi yolakwika, chifukwa tayala likangodumphira mbali ina lili pa limu yake, limayamba kuzungulira chobwerera.

Pa matayala a muvi, lakutsogolo kumanzere lisinthane ndi lakumbuyo kumanzere, ndipo lakutsogolo kumanja lisinthane ndi lakumbuyo kumanja. Palibenso njira ina, pokhapokha mutavula tayala pa limu.

Apa pali chovuta chimene muyenera kuchidziwa. Tanena kuti matayala akumanzere amavutika kwambiri m'misewu yathu. Kusinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo sikuthetsa kusiyana kumeneku, popeza lakumanzere limakhalabe kumanzere moyo wake wonse. Mukaona kuti mbali imodzi yadyeka moonekeratu kuposa inzake, pitani kumalo okonzera matayala kumene ali ndi makina. Kumeneko adzavula tayala pa limu, kulitembenuza, n'kuliikanso kuti likapita mbali inayo muvi ulozebe kutsogolo. Akatero ayenera kuchitanso balancing, apo ayi chiwongolero chidzanjenjemera. Ntchito imeneyi imalipiritsa ndalama, choncho siichitika pa kusintha kulikonse. Kamodzi pa moyo wa matayalawo kamakwanira pa galimoto zambiri.

Nthawi yosinthira

Opanga matayala ambiri amalangiza kusinthanitsa pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse, ndipo buku la galimoto yanu limanena chiwerengero chake chenicheni. Njira yosavuta kukumbukira ndi kumangiriza ntchitoyi ku sevisi: tsiku losintha oyilo, funsani ngati nthawi ya matayala yakwana. Galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi ndi miyala tsiku ndi tsiku isadikire mpaka makilomita 10,000.

Pa galimoto za chipatala ndi za parishi, lembani m'buku la ulendo tsiku limene matayala anasinthanitsidwa ndi makilomita amene galimoto inali itayenda. Madalaivala amasinthana, oyang'anira amasamutsidwa, koma buku limatsala. Ndi bwinonso kuika mwezi wa Okutobala kukhala woyendera matayala onse mvula isanayambe, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Kagwiridwe ka ntchitoyi

Imikani galimoto pamalo olimba ndi athyathyathya, kokani handibuleki, ndipo tsekerani ndi miyala kapena njerwa matayala a mbali imene simukuigwira. Lembani ndi choko pa tayala lililonse malo amene likuchokera. Masulani manati pang'ono galimoto ikadali pansi, kenako ikwezeni ndi jeke pamalo amene buku lasonyeza. Ngati muli ndi jeke mmodzi yekha, ikani sipeya kutsogolo mongogwirizira, tsitsani galimoto, kwezani kumbuyo, sinthani, ndipo mubwererenso kutsogolo kukachotsa sipeyayo. Musalowetse mutu, mkono kapena mwendo pansi pa galimoto imene yangotsamira pa jeke. Jeke amatha kuterereka, ndipo mabala a ngozi yotere ndi oopsa.

Pomanga manati musatsate mzere wozungulira. Mangani limodzi, kenako loyang'anizana nalo, mpaka onse atha, kuti limu ikhale bwino pamalo pake. Malizitsani kumanga galimoto itatsika pansi, ndipo muwayesenso mutayenda makilomita 50 mpaka 100.

Kenako pimani mpweya. Pa galimoto zambiri mpweya wa kutsogolo ndi wa kumbuyo umasiyana, ndiye tayala likasamuka mpweya wake uyenera kusinthidwa. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Nambala ya m'mbali mwa tayala ndi malire amene simuyenera kupitirira, si muyeso woyendera. Pimani m'mawa matayala asanatenthe. Pomaliza zungulirani galimoto yonse muone mivi inayi ngati yonse ikuloza kutsogolo. Chitani zimenezi ngakhale ntchito yagwiridwa kugalaja, musanalipire.

Nanga sipeya?

Sipeya ya muvi imayenera mbali imodzi yokha ya galimoto. Tayala likaphulika mbali inayo, ikanibe sipeyayo, pakuti wodwala sangagone panjira chifukwa cha muvi. Koma yendani pang'onopang'ono, makamaka ngati kukugwa mvula, ndipo mukonze zinthu mukangofika. Pogula sipeya ya ambulansi, ndi nzeru kusankha tayala lopanda muvi la saizi yomweyo, kuti lizitha kulowa paliponse.

Zimene kadyekedwe ka tayala kakukuuzani

Kuchipatala sitipereka mankhwala ochepetsa kutentha thupi n'kusiya osafufuza chimene chayambitsa. Kusinthanitsa matayala nakonso kumangogawa kudyeka, sikuchotsa gwero lake. Tayala likachoka pa galimoto, liyang'anitsitseni ndi kulisisita ndi dzanja.

Likadyeka pakati pokha, mpweya umachuluka. Likadyeka m'mapewa onse awiri pakati pali bwino, mpweya umachepa kapena katundu amapyola muyeso. Limeneli ndi loopsa, chifukwa tayala lochepa mpweya limatentha kwambiri ndipo likhoza kuphulika. Likadyeka phewa limodzi lokha, kapena mano ake akuthwa mbali imodzi mukamasisita, miyendo ya galimoto yapotoka ndipo ikufunika alignment. Zimenezi zimachitika kawirikawiri galimoto ikagunda dzenje mwamphamvu. Likadyeka modumphadumpha, pena pokumbika pena pabwino, ganizirani mashoko otha kapena balancing. Mukasamutsa tayala osakonza vuto, mumangopereka tayala labwino kuti nalonso lidyeke chimodzimodzi.

Pamene kusinthanitsa sikuthandizanso

M'kati mwa mizere ya tayala muli timizere topingasa totukuka pang'ono, ndipo malo ake amasonyezedwa m'mbali ndi zilembo TWI kapena kachizindikiro ka makona atatu. Mano akafanana msinkhu ndi timizere timeneti, ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6 okha ndipo tayala latha. Pa galimoto yonyamula odwala nthawi ya mvula, musadikire kufika pamenepo. Chotsani akatsala mamilimita 3. Tayala lotupa m'mbali ngati chithupsa, long'ambika kapena loonetsa waya lichotsedwe tsiku lomwelo.

Onaninso zaka zake. Kumapeto kwa manambala oyamba ndi DOT kuli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mwachitsanzo, 2321 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Izi n'zofunika kwambiri pogula matayala a kaunjika, amene mano ake amatha kukusangalatsani pamene mphira unauma kale. Pogula otere onaninso mivi, ndipo muonetsetse kuti woika pa limu waika awiri a kumanzere ndi awiri a kumanja.

Ngati ndalama zakwana matayala awiri okha, opanga matayala amalangiza kuika atsopanowo kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokokedwa ndi akutsogolo. Kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva m'chiwongolero n'kuchepetsa liwiro, koma kumbuyo kukaterereka galimoto imatembenuka mwadzidzidzi.

Inu a kabaza, matayala ambiri a njinga zamoto nawonso ali ndi muvi. Lakutsogolo ndi lakumbuyo sasinthanitsidwa chifukwa ndi osiyana, koma mukamatitsa pankichala onetsetsani kuti tayala labwezeredwa muvi ukuloza koyenera.

Kuona muvi sikufuna sukulu ya umakaniki. Namwino, mlonda, wapampando wa komiti kapena bambo mfumu akhoza kuzungulira galimoto mphindi ziwiri n'kuona ngati mivi ili bwino, ngati mano alipo ndiponso ngati sipeya ili ndi mpweya. Mukaona chokayikitsa, funsani dalaivala mwaulemu, ndipo komiti iike ndalama ya matayala mu bajeti ya chaka monga imachitira ndi mafuta.