Ndere ya peat: maonekedwe ake ndi malo amene imamera

Alimi amene amafesa mbande za tomato, kabichi kapena fodya m'mathireyi amaidziwa peat moss ya m'matumba ochokera kunja. Poti ndi yodula, ena amakumba dothi lakuda la kudambo poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Nthawi zambiri dothi lotere ndi makande: limamata likanyowa, limang'aluka likauma, ndipo mizu ya mbande imasowa mpweya m'thireyi.

Peat moss yeniyeni imachokera ku ndere yotchedwa Sphagnum, yomwe ili ndi mitundu yoposa 300. Ilibe mizu kapena maluwa. Imamera mothithikana ngati matiresi, yobiriwira motuwa, ina yofiirira. Mukazula kamodzi mudzaona kamutu pamwamba pomwe tinthambi tating'ono taunjikana. M'munsi mwake nthambi zimatuluka m'timagulu, zina zotambasuka, zina zolendewera motsatira tsinde. Zolendewerazi ndizo zimakweza madzi ngati chingwe cha nyali. Kumtunda ikukula, kunsi ikufa.

Chizindikiro chodalirika kwa mlangizi amene alibe maikolosikopu ndi kufinya. Tapani yodzaza dzanja: madzi amatuluka ochuluka ngati mwafinya siponji, pakuti ndereyi imasunga madzi olemera pafupifupi maulendo 20 kuposa kulemera kwake ikauma. Mukaiyanika imayera mbuu. Izi zili choncho chifukwa maselo aakulu a tsamba lake ndi akufa, opanda kanthu m'kati, ndipo obiriwira ndi ang'onoang'ono opanikizika pakati pawo. Ndere zambiri za pamiyala ndi pamakungwa sizichita zimenezi.

Imafuna malo ozizira, onyowa chaka chonse, a madzi osowa mchere wa m'nthaka, makamaka odalira mvula. Imayamwa calcium ndi magnesium m'madzi n'kutulutsa asidi, mpaka pH imatsika kufika pa 4 kapena kucheperapo. M'madzi otere, opandanso mpweya, zakufa siziola msanga, ndiye zimaunjikana n'kukhala peat, pafupifupi milimita imodzi pachaka. Mita imodzi imatenga zaka ngati 1,000.

Madambo aakulu a ndereyi ali ku Canada, Russia, Finland, Ireland ndi maiko a ku Baltic monga Estonia ndi Latvia. Kuno imapezeka m'timalo tochepa tonyowa pamwamba pa mapiri ozizira monga Mulanje. M'madambo otentha a bango ndi gumbwa musataye nthawi kuifunafuna. Ngakhale mutapezamo zoolerana zakuda, ndi za zomera zina ndipo sizipepuka chimodzimodzi. Ya kumapiriyo ife sitilimbikitsa kuikumba: ndi yochepa kwambiri, ili m'malo otetezedwa, ndipo imathandiza kusunga madzi kumene mitsinje imayambira.

Amene mwagula ya m'thumba, werengani ngati anathiramo kale laimu. Ngati sanathire, asidi ndi wochuluka kwa mbande za masamba, zomwe zimafuna pH ya 5.5 mpaka 6.5. Inyowetseni bwino musanadzaze mathireyi, chifukwa ikaumitsitsa imakana madzi.