MAKINA OONETSA PAMENE LILIME LIMAGUNDA

Munthu akamanena mau akuti "dula", nsonga ya lilime lake imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. Akamanena "gula", tsinde la lilime ndilo limakwera ndi kugunda cha kumbuyo. Zimenezi zimachitika mwamsanga ndiponso mobisika, kotero kuti ngakhale mwini wake sadziwa pamene lilime lakhudza.

Kwa ana ena kusiyana kumeneku ndi vuto lalikulu. Pa dziko lonse lapansi, mwa ana pafupifupi 700 alionse mmodzi amabadwa ndi mlomo wong'ambika kapena ndi mng'alu kumwamba kwa m'kamwa. Madokotala amasoka mng'aluwo, koma ana ena amazolowera kukokera lilime kumbuyo, ndipo chizolowezicho chimatsala ngakhale bala litapola. Mwana wotere akafuna kunena "tola" amamveka ngati akuti "kola". Anzake amamuseka, ndipo kusukulu amaopa kuyankha mafunso.

Kufufuza za lilime kunayamba kale. M'chaka cha 1872 dokotala wa mano wa ku London, James Oakley Coles, anasindikiza zimene anapeza atadzipaka ufa wosakaniza ndi zomata m'kamwa. Iye ankatchula liu limodzi, kenaka n'kuyang'ana pamene lilime lapukuta ufawo. Njirayi inkaonetsa malo okha, osati kuyenda kwa lilime.

M'zaka za m'ma 1970 William Hardcastle ndi anzake, pa Yunivesite ya Reading ku England, anakonza njira ya magetsi. Munthu amavala kapulasitiki kopyapyala, koumbidwa molingana ndi kumwamba kwa m'kamwa mwake. Pa kapulasitikipo pali timadontho tachitsulo 62, ndipo kadontho kalikonse kali ndi kawaya kake. Lilime likakhudza kadontho, malo ake amaonekera pa kompyuta. Makinawa amayeza ka 100 pa sekondi imodzi, ndipo munthu samva ululu.

Phindu lake ndi lakuti mwana amaona ndi maso chimene makutu ake amalephera kumuuza. Mlangizi wa kayankhulidwe amamuonetsa chithunzi cha malo oyenera, ndipo mwanayo amasuntha lilime mpaka chithunzi chake chifanane nacho. M'chaka cha 1996 zipatala zosamala ana a mng'alu ku Scotland zinayamba kugwiritsa ntchito njirayi mogwirizana ndi akatswiri a pa Queen Margaret College, mu mzinda wa Edinburgh. Akatswiri ena amagwiritsanso ntchito makina aja ounikira amayi oyembekezera: akawaika pansi pa chibwano, lilime limaoneka likuyenda.

Makina amenewa atsimikiza mfundo imene ili yofunika ngakhale kumudzi kumene kulibe magetsi. Mwana wa mng'alu amene sakumveka bwino sakuchita dala, ndipo kusamvekako sikusonyeza kuti ndi wopanda nzeru kapena kuti walodzedwa. Kawirikawiri lilime lake langozolowera malo olakwika, ndipo likhoza kuphunzitsidwa. Kumukalipira kumangomuonjezera mantha.

Chithandizo chimayenda bwino chikayamba msanga. Madokotala amafuna kusoka kumwamba kwa m'kamwa mwana ali ndi pafupifupi chaka chimodzi, asanazolowere kuyankhula molakwika. Choncho mayi amene akuona mkaka ukutuluka m'mphuno mwa khanda poyamwa ayenera kufotokozera anamwino kusikelo, kuti ayang'ane m'kamwa ndi kumutumiza ku chipatala chachikulu. Mwana wosokedwa kale ayeneranso kupimidwa makutu, chifukwa ana a mng'alu amadwala makutu kawirikawiri, ndipo mwana amene sakumva bwino amavutika kuphunzira mau.