Yaikulu, yaing'ono ndi yonamizira: nsomba za puffer zomwe zimasokoneza maso

Masentimita 67. Marula awiri a mwana wasukulu kuwalumikiza, n'kuwonjezerapo chala. Umenewu ndiwo utali wa mbu, chimphona cha nsomba zonse za puffer zokhala m'madzi opanda mchere. Kwawo ndi mumtsinje wa Congo, mtsinje wakuya koposa padziko lonse, umene pena umazama kupitirira mamita 220, komanso kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, komwe mtsinje wa Malagarasi umathira. Pamsana pake mizere yokhotakhota ngati tinjira ta chiswe. Mchira wautali, wachikasu. Ikaopsedwa imameza madzi n'kufufuma ngati mpira wopopa.

Koma kusitolo ya nsomba zoweta, mbu imafika ikadali kamwana kotalika ngati chala. Ambiri amagwa m'mbuna pomwepa. Kamwana kameneka kakakula kamafuna thanki yagalasi ya malita 2,000 kapena kuposerapo. Migolo khumi ya madzi, nsomba imodzi!

Imodzi mwa zakale koposa m'mbiri ya anthu ndi fahaka ya mumtsinje wa Nile. Aiguputo anaijambula pamakoma a manda ku Saqqara zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo katswiri wina, Linnaeus, anaipatsa dzina la sayansi mu 1758. Imafika masentimita 43. Ikadali yaing'ono imakhala ndi mawanga, moti wosazolowera amatha kuiyesa mbu. Ikamakula mawangawo amalumikizana n'kukhala mizere yowongoka, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mizere yowongoka, fahaka. Yokhotakhota, mbu. Ukali wake ndi wosaneneka: nsomba iliyonse yoikidwa nayo m'thanki imodzi imasanduka ndiwo.

Imodzi mwa zazing'ono koposa ili kutali, m'mitsinje ya ku Kerala, kumwera kwa India. Dzina lake Carinotetraodon travancoricus, lalitali kuposa mwini wake. Masentimita awiri ndi theka. Ikakulitsitsa, atatu ndi theka. Kamtengo ka machesi kamaiposa! Kuti zifanane utali ndi mbu imodzi, ziyenera kundandalikidwa pafupifupi 27, mutu ndi mchira kugundana. Yamphongo imadziwika ndi makwinya onyezimira kuseri kwa diso ndi mzere wakuda kumimba.

Ndiye pali katswiri wonamizira. Mu 1999 akatswiri awiri, Ralf Britz ndi Maurice Kottelat, anaona kuti pakati pa tinsomba timeneti togulitsidwa kwa oweta panali mtundu wina wosadziwika. Sanaupeze kumtsinje, anaupeza pamalonda. Anautcha imitator, kutanthauza wotsanzira. Msinkhu womwewo, maonekedwe omwewo, dziko lomwelo. Kusiyana kwake? Timadontho tating'onoting'ono tomwazikana pakati pa mawanga aakulu, ndi minga yocheperapo pakhungu. Wopanda maso akuthwa angazisunge zaka osadziwa kuti ali ndi mitundu iwiri.

Yonamiziridwa koposa ndi ina yobiriwira ya mawanga akuda, Dichotomyctere nigroviridis, ya kumwera chakum'mawa kwa Asia. Ogulitsa ambiri amati ndi ya madzi opanda mchere. Si zoona, ndipo bodza limeneli lapha zambiri. Kwawo ndi komwe mitsinje imathira m'nyanja yamchere, ndipo ikamakula imafuna mchere wowonjezereka. Imafika masentimita 17. Pambali pake m'sitolo nthawi zambiri pamakhala mnzake wa masentimita 8 okha, amene mizere yake yachikasu imajambula nambala 8 pamsana. Wobiriwirayo ali ndi mawanga ozungulira basi, pamutu powala ngati tsamba lanthete. Ndipo ali ndi mbiri ina: DNA yake ndi imodzi mwa zazifupi koposa mwa nyama zonse zamsana. Zilembo pafupifupi 340 miliyoni, pamene munthu ali nazo zoposa 3 biliyoni. Asayansi anafalitsa ndondomeko yake mu 2004.

Mano okula mothamanga koposa ali ku Amazon. Puffer iliyonse ili ndi mano anayi ogwirana ngati mlomo wa chinkhwe, ndipo sasiya kukula. Nkhono ndi nkhanu ndizo zimawaperesa. Koma a Colomesus asellus amakula mofulumira moti oweta amachita kuwawenga ngati zikhadabo, apo ayi nsombayo imafa ndi njala chakudya chili pamphuno. Ndi yofatsa, yoyenda m'gulu, ya mikwingwirima yakuda ndi yachikasu ngati njuchi. Mbale wake Colomesus psittacus amavala chimodzimodzi, koma amafika pafupifupi masentimita 30, rula yathunthu, ndipo amafuna madzi amchere. Chowasiyanitsa ndi banga limodzi lakuda kunsi kwa tsinde la mchira. Likakhalapo, ndi asellus.

Akatswiri obisala ndi awiri, otalikirana makilomita zikwizikwi. Tetraodon miurus wa ku Congo, masentimita 15, thupi ngati mbatata. Pao suvattii wa mumtsinje wa Mekong, wocheperapo pang'ono. Onse amadzikwirira mumchenga n'kukhala phee, maso ndi kamwa zokha zili kunja. Kansomba kakadutsa pamwamba, kwatha. Wa ku Mekong ali ndi chizindikiro chakuda chonga chilembo cha V kuseri kwa maso, ngati nsonga ya muvi. Wa ku Congo alibe, koma amasintha khungu, lero lofiirira, mawa lotuwa. Mu Mekong momwemo muli Pao baileyi, waubweya koposa: tinyama tolendewera kumutu ndi m'mbali, moti akagona pamwala amaoneka ngati mwala wa ndere.

Ovuta kuwasiyanitsa koposa onse ndi abale ake otsala a m'banja la Pao, lomwe Kottelat analipatula mu 2013. Turgidus, leiurus, cochinchinensis. Onse oderako, onse a mawanga, ambiri ali ndi banga longa diso pambali, pafupi ndi mchira. Mawangawo amasintha nsomba ikakwiya, ikamakula, ngakhale usiku ukagwa. Ogulitsa amangozilemba dzina limodzi pagalasi. Oweta odziwa safunsa dzina. Amafunsa mtsinje umene nsombayo inagwidwa.