Chigayo wasiya kugaya

Galu wa achemwali anga ku Leeds ali ndi dzina lake lachizungu, koma ana anamutcha Chigayo chifukwa akagona pabalaza mkonono wake unkamveka mpaka kuchipinda cham'mwamba. Ndi wa mtundu wa French bulldog, agalu a nkhope yophwatalala aja amene anthu a ku Britain anawakonda mpaka mu 2018 anaposa Labrador pa agalu olembetsedwa ku Kennel Club. Alendo akamva mkononowo ankafa nacho chikhakhali. Chonsecho galuyo ankabanika.

Obereketsa agaluwa ankafuna nkhope yaifupi, ndipo mafupa anafupikadi, koma minofu ya m'kati sinafupike nawo. Timabowo ta mphuno za Chigayo tinali ngati tongolemba ndi pensulo. Kanyama kofewa ka kumwamba kwa m'kamwa, chakukhosi, kanali katali moti kankatseka njira ya mpweya. Madokotala vutoli amalitcha BOAS. Nchifukwa chake ankagona chokhala, chibwano atachitsamiritsa pamkono wa mpando, nthawi zina chidole chili kukamwa kuti pakamwa pasatsekeke. Akadya, thovu. Akayenda pang'ono, wefuwefu, kenako gone pamsewu, alamu n'kumunyamula ngati khanda, anthu akuyang'ana.

Galu amadziziziritsa ndi wefuwefu yemweyo, choncho wa mphuno zotsekeka akatenthedwa amasowa pothawira. Mu July 2022, pomwe kutentha ku Britain kunafika madigiri 40 koyamba, Chigayo anagwa pakhonde lilime litachita bii.

"Abambo, dzutsani galimoto, galuyu akutsirizika!" anakuwa achemwali.

Dokotala wa ziweto anayamba wamuziziritsa ndi kumupatsa mpweya. Atapezako bwino anamuyeza mwa njira yomwe anakonza akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge: kumvetsera kapumidwe, kumuthamangitsa pang'onopang'ono kwa mphindi 3, n'kumvetseranso. Magiredi amayambira pa 0 kufika pa 3. Wathuyu anapata 3, giredi yomwe palibe kholo limainyadira. Dokotala anati pafunika opaleshoni, koma ayambe wachepetsa thupi, ndiye zonona zomwe ana ankamuponyera pansi pa tebulo zinathera pompo. Tsiku litakwana anamugoneka, anadulako kachidutswa mbali iliyonse ya mphuno kuti mabowo akule, anafupikitsa kanyama kaja, n'kusoka. Anagona konko usiku umodzi, poti kukhosi kukatupa pambuyo pa opaleshoni zinthu zimatha kuipa msanga.

Ndiye mukamuone lero! Usiku woyamba kunyumba achemwali anadzuka kukamugwedeza, kuopa kuti wafa, chifukwa m'nyumba munali zii. Mkuluyo anali mtulo tofa nato, miyendo m'mwamba, pakamwa potseka. Mabala atapola, galu amene ankalephera kufika pakona ya msewu anayamba kuthamangitsa agologolo kupaki, makutu ali njoo, mphuno zili bwanthu, zikukoka mpweya wa mumzinda wonse. Mbale amaseteka osasanza. Pano akumamuveka chingwe cha pachifuwa, osati cha m'khosi, ndipo dzuwa likaswa mtengo amakhala pamthunzi, chifukwa opaleshoni imachepetsa vutoli koma siisandutsa bulldog kukhala galu wa uzimba.

Ine ndimaona kuti dziko la Netherlands linachita bwino mu 2019 poyamba kuletsa kubereketsa agalu a mlomo wofupika mopitirira. Dokotala uja naye sanabise mawu, anati Chigayo asasiye mbewu, ndipo anamufula.

Amene akudandaula tsopano ndi alamu. Kale ankapita kupaki atanyamula galu, lero amabwera akukokedwa, thukuta lili kamukamu, wefuwefu ali wawo. Sabata yatha anafunsa achemwali ngati dokotala ujayu amathandizanso anthu.