KUFULUMIZA VTEC SIKUBWERETSA MPHAMVU NTHAWI ZONSE

Eni magalimoto ocokera ku Japan amauzidwa kawirikawiri kuti injini ingapatsidwe mphamvu zoonjezera mwa kusintha nthawi imene mavalavu ake amayamba kutseguka kwambiri. Asanapereke ndalama zao kwa amakanika, nkofunika kuti adziwe m'mene cipangizoci cimagwirira nchito.

Injini imapuma monga munthu. Mavalavu ndiwo zitseko zolowetsa mpweya ndi zoturutsa utsi, ndipo amakankhidwa ndi timapewa ta pa citsulo cozungulira cochedwa kamushafuti. M'caka ca 1989 kampani ya Honda inaturutsa njira yochedwa VTEC m'galimoto la Integra. Injini yake, B16A, inali ya malita 1.6 okha, koma inapereka mahosipawa 160.

Cinsinsi cake ncakuti mavalavu awiri aliwonse ali ndi timapewa titatu. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, tiwiri tating'ono ndito timagwira nchito. Ikathamanga kwambiri, kompyuta imatsegula njira ya oilo, oiloyo nakankha kamsomali komanga pamodzi timikono tokankha mavalavu. Pamenepo phewa lalikulu la pakati limatenga ulamuliro, mavalavu natseguka kwambiri ndi kwa nthawi yaitali.

Anthu ena amagula kacipangizo kocititsa kuti kusinthaku kucitike msanga. Koma phewa lalikulu linapangidwira liwiro lalikulu. Likayamba nchito injini ikali pang'onopang'ono, mpweya umalowa mofooka, ndipo wina umabwerera valavu isanatsekeke. Phokoso limakula, koma mphamvu yokoka imacepa, petulo naonongeka cabe.

Malo oyenera kusinthira ndi pamene mphamvu ya timapewa tating'ono ilingana ndi ya phewa lalikulu. Malowa samapezeka ndi khutu, koma pa makina oyesera mphamvu ochedwa dynamometer. Kusintha kumakhala ndi phindu makamaka ngati paipi yolowetsa mpweya, yoturutsa utsi kapena kamushafuti zasinthidwa kale. Muyeso wa petulo uyeneranso kukonzedwa, pakuti petulo akacepa mpweya nkucuruka, injini imatentha ndipo mapisitoni angapse.

Kwa woyendetsa m'miseu ya fumbi, nzeru yotsika mtengo ndi iyi: oilo akhale woyera ndi wokwanira. Oilo wakuda amatseka kasefa ka VTEC, ndipo oilo akacepa kamsomali kaja sikasuntha. Kusintha oilo ndi sefa ya mpweya pa nthawi yake kumasunga mphamvu imene injini inabadwa nayo.